Mapazi a Kuseri kwa Chitseko

1

Basi inanditsitsa mdima utagwa kale. Tauni yachilendo. Babu limodzi la pa depoti linkaphethira ngati likufuna kuzima. Ogulitsa anali atalongedza. Galu wina ananunkhiza chikwama changa, n'kupita.

Matauni ndawayenda ambiri. Ndi ntchito yanga. Ndimapachika zithunzi m'nyumba za chionetsero. Ndifika, ndiyeza khoma, ndikhoma misomali, ndinyamuka. Malo amodzi sindigonapo kupitirira sabata. Anzanga amati ndinabadwira m'basi.

Koma tauni iyi ndinkaizemba. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikuilambalala. N'kumene kumakhala achemwali anga.

Uthenga wawo unafika Lolemba pa foni. Mawu ochepa. "Bwera Lachinayi. Ubwere wekha."

Wondichingamira anali alamu. Chikwatirire achemwali, alamuwa ndinali ndisanawaonepo. Munthu wa thupi lalikulu, wowotcherera zitsulo, manja okhakhala ngati njerwa. Anandizindikira ndisanalankhule. Anati chipumi cha kwathu sichingasowe ngakhale magetsi atazima dziko lonse. Anaseka okha. Chikwama changa anachiponya kumbuyo kwa kalole kawo, pamwamba pa mapaipi.

M'njira analankhula osapuma. Za msewu woipa. Za kasitomala wina amene anafuna geti la mikango iwiri, atampangira n'kudandaula kuti mikangoyo ikuoneka ngati amphaka anjala. Ine ndinkangoti eya, eya. Kenako anachepetsa liwiro, mawu nawonso n'kutsika. Anati achemwali sanadye bwino kuyambira Lolemba. Akungosesa chipinda cha kuseri. Kusesa, kusesa, mpaka simenti kuwala.

"Ndiye anandituma mawu, alamu. Ati ndikuuzeni kuti kwathu timavula nsapato pakhomo."

"Palibe vuto."

"Vuto lilipo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndikulowa m'nyumba ija ndi majombo. Lamuloli ndalimva lero."

Anaseka. Ine sindinaseke. Zala za kumapazi zinadzipinda zokha m'nsapato.

2

Ndifotokoze kaye chimene chinandibweretsa.

Bambo athu anali wojambula. Ankalemba zikwangwani za masitolo, kujambula mitu ya anthu pa makoma a ometa tsitsi, ng'ombe zonenepa pa mabutchala. Imeneyo inali ntchito ya mimba. Kumapeto kwa sabata ankajambula zawozawo pa mathabwa. Anthu odikira basi. Telala atagona pa makina ake. Mvula ikugwa pa malata a msika. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, ndiye ine ndi achemwali tinakulira m'shedi ya bambo. Fungo la penti ndi la parafini wotsukira maburashi, limenelo ndilo fungo la kwathu.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. Mizere ankaika okha, ndi khala. Kudzaza mitundu ankasiyira wina. Poyamba anali antchito olembedwa. Achemwali atakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, antchito aja sanafunikenso. Chithunzi chikatha bambo ankabwera, kuyang'ana, n'kusaina pakona. Dzina limodzi. La mwini shedi. Ndi mmene zinkakhalira, palibe ankafunsa.

Bambo atamwalira zithunzi zija zinayamba kutchuka. Ine ndinathandiza. Kulikonse kumene ndinkafika ndinkawatchula. Pa wailesi, m'misonkhano, m'makalasi. Ndinkati amene anandipatsa maso ndi bambo anga. Anthu ankaomba m'manja. Chaka chino nyumba ina yaikulu ya chionetsero inaganiza zosonkhanitsa zithunzi zawo makumi anayi. Wozipachika ndine.

Kumeneko kuli mayi wina wokonza zithunzi zakale. Wachete, wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Tsiku lina anandikodola. Anandipatsa galasi lokulitsa zinthu n'kundionetsa mmene burashi inkayendera pa mitambo ya chithunzi china. Anati munthu wa dzanja lamanja akamadzaza mtundu, burashi imapendekera uku. Apa inapendekera uko. Pa zithunzi makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, zabwino zenizenizo, inapendekera uko.

"Bambo anu anali amanzere?"

Ndinati ayi.

"Nanga kunyumba kwanu wamanzere anali ndani?"

Ndinayang'ana khoma. Iye anadikira. Munthu wozolowera kudikira penti kuti iume sangatope ndi iwe. Pomaliza ndinamuuza. Anati popanda mawu a mwini dzanjalo sangasinthe dzina, komanso sangapachike bodza akulidziwa. Chionetsero chinali chitatsala milungu itatu. Madzulo omwewo ndinayamba kufunafuna nambala ya achemwali. Nditaipeza ndinawalembera uthenga.

3

Nyumba yawo inali kumapeto kwa msewu, pafupi ndi shedi ya alamu. Ndinavula nsapato pakhomo. Sokosi ndinazisiya.

Choyamba kuona chinali ichi: m'kati munalibe zitseko. Makatani okhaokha. Kuchipinda katani, kukhitchini katani, ngakhale kubafa katani. Mahinjesi anali pa mafelemu, opanda chonyamula. Alamu anaona kuti ndaona. Anandinong'oneza kuti anazichotsa okha sabata yoyamba ya ukwati, chifukwa mphepo ikamenyetsa chitseko mkazi wawo ankasanza. Anati ubwino wake sanatsekeredwepo kunja.

Achemwali anatuluka kukhitchini. Imvi. Nkhope ya bambo yeniyeni. Dzanja lamanzere analigwirizira pamimba, monga mmene ndinkalikumbukira. Zala zitatu zopindika, zouma, zoloza m'chikhatho.

"Mzime," anatero. Ankanditchula choncho poti ndine womaliza kubadwa. "Wakalamba."

"Inunso, achemwali."

Sanandikumbatire. Anayang'ana nkhope yanga pang'ono. Kenako maso anatsikira ku sokosi. Anakhalitsa komweko.

Tinadya mpunga wa nyemba. Alamu anayesetsa. Anafunsa ngati n'zoona kuti anthu amavala masuti kukaona chithunzi cha telala ali mtulo, chikhalirecho telala wa mumsewu mwawo amagona tsiku lililonse popanda womuonerera. Achemwali anamwetulira mbali imodzi. Ine ndinatulutsa mapepala. Ndinafotokoza za mayi wa magalasi awiri. Ndinati nthawi yakwana yoti dziko lidziwe, dzina lawo lilembedwe pansi pa zithunzi makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mawu amenewa ndinawakonzera m'basi. Anatuluka osalala mopitirira.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Mapepala sanawakhudze.

Anafunsa ngati ine ndimajambulabe. Ndinati ndinasiya. Anafunsa chifukwa chake. Ndinawauza zimene aphunzitsi a kusukulu ya zojambula ankanena, kuti ndimalimbana ndi dzanja langa lomwe. Ndinkatengera zithunzi za m'shedi mwathu, burashi n'kumaipendeketsa kumene dzanja lamanja silifuna. Zaka zinayi ndikukopera munthu wamanzere.

"Ndiye malo anga a kusukulu aja unangowawononga," anatero, osakweza mawu.

Alamu anatsokomola. Anasonkhanitsa mbale, n'kunena kuti akaone ngati anatseka geti la shedi.

"Za dzina tikamba," anatero achemwali. "Sindinakuitanire dzina."

4

Nkhani ya dzanja, mmene abale onse amaidziwira, ndi iyi.

Achemwali anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ine ndinkachepa ndi zaka ziwiri. Mphunzitsi wina wa kusukulu ya zojambula, mnzawo wa bambo, analonjeza malo amodzi kwa mwana mmodzi wa m'nyumba mwathu. M'mawa wa tsiku limene dzanjalo linathyoka, achemwali anakangana ndi bambo. Ankafuna dzina lawo pa chithunzi chimodzi chokha, choti akasonyeze kusukuluko. Bambo anakana. Anati shedi ili ndi dzina limodzi. Mawu anakwera. Achemwali anati popanda dzanja lawo bambo ndi wolemba zikwangwani chabe. Bambo anati dzanjalo analiphunzitsa ndi iwo, asadzitame nalo. Oyandikana nafe anamva zonse.

Masana achemwali analowa m'kachipinda kosungira penti. Kopanda zenera. Chitseko chake chachitsulo, cholemera, chotsegukira panja. Ananjuta kuti atenge chitini pa shelefu ya pansi. Dzanja lamanzere anagwira nalo felemu, mbali ya mahinjesi.

Chitseko chinamenyetsedwa.

Atatsitsimuka anali m'manja mwa bambo. Bambo ankangoti, "Ndine, mwana wanga. Ndine. Sindinakuone." Anabwereza kuchipatala. Anabwereza kwa achibale. Anabwereza kwa aliyense wofunsa.

Achemwali anakhulupirira mbali yoyamba yokha, yoti ndi iwo. Zoti sanaone, anakana. Mabandeji atachoka ananyamula chikwama. Bambo analemba makalata, onse anabwerera osatsegulidwa. Ku ukwati wa achemwali sanaitanidwe. Bambo atadwala, azakhali anapita kukawagwadira achemwali. Anakana. Pa maliro sanaoneke.

Kusukulu kuja ndinapita ndine.

Bambo sanakhudzenso mitundu. Anapitiriza kuika mizere ya khala pa mathabwa, n'kumawaimika kukhoma osadzaza. Atamwalira tinapeza mathabwa oposa zana. Mizere yokhayokha, ikudikira munthu.

Tsiku lomaliza kuchipatala anandigwira mkono n'kundiuza kanthu. Ndikanena. Koma osati pano.

5

"Tenga nyali iyo," anatero achemwali.

Inali nyali ya mabatire. Tinadutsa m'kanjira ka m'nyumba. Kumapeto kwake kunali chitseko. Chokhacho m'nyumba yonse. Chachitsulo. Penti yobiriwira ikukanganuka. Pafupi ndi chogwirira panali madontho achikasu amene ndinadonthezapo ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Achemwali anachitsegula.

Anati shedi ya bambo itagwetsedwa, anatuma alamu ndi kalole kukachitenga. Alamu anachimangirira pomwepa osafunsa kanthu. Achemwali anangoonetsetsa kuti mpata wa pansi pake ukhale womwe unali kushedi. Zala zinayi.

M'chipindamo munali mathabwa. Kukhoma, pansi, ena pamwamba pa anzawo. Ndinakweza nyali. Onsewo chithunzi chimodzi. Mdima pamwamba, mdima pansi. Pakati kamzere ka dzuwa, mpata wa pansi pa chitseko. M'kuwalamo munali chinthu chofufutidwa. Chopalidwa ndi mpeni. Chopakidwanso. Chopalidwanso.

Mitunduyo ndinaidziwa. Palibe wina amaika chikasu pambali pa mtundu wa phulusa mwanjira ija. Mtima unachita zimene unkachita ndili mwana, ndikamasuzumira paphewa pawo. Kusirira. Ndi china chowawa pansi pake.

Anati dzanja lamanja analiphunzitsa zaka zisanu ndi ziwiri, ngati kuphunzitsa mwana wamakani. Litayamba kumva, chinthu choyamba chimene linafuna kujambula ndi chimenechi. Atagwa tsiku lija, tsaya linali pa simenti. Asanakomoke anaona kunja kudzera pa mpatawo. Kanthawi kochepa. Panaima munthu.

"Ndinkajambula nsapato za bambo," anatero. "Zija zakuda, za chitsulo kutsogolo. Ukudziwa sankaponda m'shedi opanda nsapato, kuopa misomali. Koma ndizijambule bwanji, zinkaoneka zabodza. Ndipale. Ndijambulenso. Zabodza. Tsiku lina ndinangolisiya dzanja liyende lokha."

Anatembenuza thabwa limene linayang'ana kukhoma.

Mapazi awiri. Opanda nsapato. Owonda. Zala zake zosamalizidwa, ngati zili mu nkhungu.

"Mutu wanga unakhulupirira bambo. Dzanja linakana." Anatola khala pa tebulo. "Zala sindikuzikumbuka bwino. Ndikufuna wondiimira. Alamu ako mapazi awo ndi mafosholo. Vula sokosi, Mzime. Kaime kuseri. Nyaliyo uike kumbuyo kwako."

6

Ndikanathawa. Njira ya ku depoti ndinali nditaidziwa. Kuthawa ndi luso lokhalo limene ndinalikulitsa.

Ndinavula sokosi.

Phazi langa lamanzere lili ndi chala chachiwiri chokwera pamwamba pa chachikulu. Ndinabadwa nacho. Chichokereni kwathu palibe anachionapo. Ndimagona ndi sokosi. Akazi awiri amene ndinakhalapo nawo ankati ndi misala ya anthu a zojambula.

Ndinatuluka. Ndinaika nyali pansi, kumbuyo kwanga. Ndinakankha chitseko pang'onopang'ono. Mahinjesi analira kulira komwe kuja.

M'kati ndinamva nsalu ikukhwekhwereza pansi. Mayi wa zaka makumi anayi ndi chimodzi akugona pa simenti, tsaya pansi. Kenako khala pa thabwa. Khwe. Khwe. Khwe.

Simenti inkazizira. Chitsulo chinali pamphuno panga. Mpweya wawo ndinkaumva pa zala.

"Sendera kumanzere pang'ono."

Ndinasendera.

"Phazi lamanja linali kumbuyo. Ngati munthu amene wangokankha chinthu."

Ndinalibweza kumbuyo. Thupi linakumbuka lokha.

Khala linasiya kulira. 

Njira yozembera inalipo, ndipo ndinaiona bwinobwino. Ndikanati ndine, koma dzanja sindinalione. Mawu a bambo omwe aja. Ndikanati ndinali mwana, ndinkafuna kungowatsekera mocheza. Mwina akanalandira.

"Achemwali."

"Ndikumva."

"Ndine."

"Chala ndachiona."

"Si zokhazo," ndinatero. "Dzanja ndinaliona."

 Ndinapitiriza, ndikulankhula ndi chitsulo. Ndinawauza kuti masana aja mphunzitsi uja anabwera. Bambo anapita naye kuseri kwa shedi. Ine ndinali pa mpopi ndikutsuka maburashi, nsapato nditavula kuti zisanyowe. Sanandione. Bambo anati malowo apatse mtsikanayu. Anati, "Mnyamatayu ali ndi maso, koma dzanja lili ndi mlongo wake, ndipo laposa kale langa." Anati chithunzi chija asaina yekha mtsikanayo, m'mawa anangomukaniza chifukwa cha mkamwa mwake, amuuza madzulo. Ankaseka ponena zimenezi. Kuseka kwa munthu wonyadira mwana.

Ndinasiya maburashi m'beseni. Ndinazungulira shedi. Chitseko chinali chotsegula. Zala zinayi zinali pa felemu, zothimbirira penti yabuluu. Ndinaziyang'ana. Ndinaziyang'anitsitsa. Kenako ndinakankha ndi mphamvu zanga zonse.

Bambo anandipeza ndili chiimire. Anayang'ana ine. Anayang'ana magazi akutsika m'mahinjesi. Anandiuza mawu awiri okha.

"Kavale nsapato."

7

Chitseko chinatseguka. Ndinabwerera m'mbuyo ndikuyembekeza chilichonse. Mbama. Chitini cha penti kumaso. Ndikanalandira.

Anali chikhalire pansi, tsaya limodzi litatuwa ndi simenti. Maso ouma.

"Bwereza zimene ananena kwa mphunzitsi."

Ndinabwereza.

"Laposa kale langa. Anatero?"

"Anatero."

"Akuseka?"

"Akuseka."

Apo m'pamene anayamba kulira. Osati mokuwa. Kulira kwa m'mimba, kogwedeza mapewa. Alamu anatulukira m'kanjira nkhope itasintha. Achemwali anawaimitsa ndi dzanja lopindika lija. Anaima pomwepo.

Achemwali anafunsa chifukwa chimene bambo anadzinamizira. Ndinawauza za tsiku lomaliza kuchipatala. Bambo anati anaganiza mofulumira, ndipo anaganiza molakwa. Ankaona ngati mwana angakhululukire kholo lake, koma mlongo sangakhululukire mlongo, ndiye iwo akadzafa tidzatsala awiri osaonana. Anati anataya mwana wamkazi pofuna kutisungira ubale, koma ubalewo sanauone. Anandifinya mkono. Anati, "Ndakusenzera pokwana. Ukamuuze ndisanaikidwe."

Papita zaka khumi ndi chimodzi.

"Ndiye unawaika," anatero achemwali, "n'kukwera basi."

"Eya."

"N'kumakawatamanda pa wailesi."

"Eya."

Anapukuta nkhope ndi epuloni. Anati dzanja analizolowera kalekale. Limagwira kapu, limakanikiza thabwa, limawauza mvula ikamabwera. Zikanakhala za dzanja lokha akanandimenya, n'kutha. Koma makalata khumi ndi asanu ndi awiri anawabweza osatsegula. Azakhali anawagwadira pa simenti, iwo n'kungowapatsa madzi akumwa ndi kuwaperekeza ku basi. Munthu amene anawagwira dzanja n'kuwaonetsa mzere woyamba anafa akuitana dzina lawo. Zimenezo, anati, alibe poziika.

Ndinayesa kupepesa. Mawuwo anali aang'ono kwambiri. 

"Bwerera kuseri," anatero. "Sindinamalize chala."

Ndinabwerera. Anajambula mpaka anamaliza.

8

M'bandakucha anandidzutsa pogogoda pa felemu. Pa tebulo panali tiyi, mapepala aja, ndi thabwa lokulungidwa m'bulangeti lakale.

Mapepala anali atasaina, koma mzere umodzi anaufufuta. Anati pansi pa zithunzi zija palembedwe mayina awiri, la bambo poyamba. Mizere inali ya bambo, ndipo mitundu yopanda mizere ndi matope. Mathabwa zana aja a mizere yokhayokha ndiwatumize kwawoko. Onse. Ndisasiyeko ngakhale limodzi.

Kenako analoza bulangeti. Anafunsa kuti zithunzi timazipachika pa msinkhu wanji. Ndinati pa msinkhu wa maso a munthu woimirira.

"Ichi ukapachike pansi. Zala zinayi kuchokera pa simenti, pakhomo penipeni polowera. Wofuna kuchiona agwade. Akafunsa kuti mapaziwo ndi a ndani, usatume wina kukuyankhira."

Ndinavomera.

Chomaliza anandikankhira pepala ndi pensulo. Manda a bambo sankadziwa pamene ali. Ndinajambula njira yake. Geti, mtengo waukulu, mzere wachisanu ndi chimodzi, mwala wotuwa. Anatenga pepalalo ndi dzanja lamanzere, pakati pa zala ziwiri zimene zinatsala zamoyo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mzere wako ukadali wamantha," anatero. "Koma mtengowu uli bwino." Analipinda n'kuliika m'thumba la epuloni. "Usabwere mpaka ndikuitane."

Inu amene mukuwerenga, chionetsero chija chitsegulidwa sabata yamawa, ndipo ndaona kuti ndiyankhiretu funso la mapazi. Ambiri mwa inu muli ndi munthu amene munamuona akuchita chinthu bwino, mtima n'kudumpha. Woimba, wosoka, wojambula, mwina wa m'nyumba mwanu momwe. Ine ndinatamanda womwalira zaka khumi ndi chimodzi, chifukwa womwalira savuta. Sapikisana nawe. Sakufunsa mafunso. Wamoyo, amene ndinkamusirira kuposa wina aliyense pansi pano, ndinamuthyola zala. Ndinkaganiza kuti luso lake likachoka, langa liwala. Silinawale. Ndinangotsala wokhoma misomali.

Bambo nawonso mawu awo abwino anakawanenera kuseri kwa shedi, kwa mlendo. Akanawanena m'mawa uja pamaso pa mwana wawo, mwina chitseko ndikanamenyetsabe. Sindikudziyeretsa. Koma achemwali sakanakhulupirira kuti bambo awo angawachite zotero, ndipo makalata aja akanatsegulidwa. Ngati muli ndi mawu otere pa munthu wina, musakawanenere kuseri. Mwiniwake awamve akadali ndi makutu, inu mukadali ndi pakamwa. Zoti andikhululukira kapena ayi, sindikudziwa. Musandilembere kundilimbikitsa.

Alamu anandiperekeza ku depoti. Njira yonse analibe nthabwala. Atazimitsa injini anakhala kaye, manja pa chiwongolero.

"Ndikanakhala ine, alamu, ndikanakuwotchererani m'chipinda chija. Andiletsa."

Chikwama anandiponyera. Thabwa anandipatsa ndi manja awiri.

"Lisanyowe."

Kondakitala anafuna kuliika pamwamba pa basi. Ndinakana. Ndinalinyamula pamiyendo, m'bulangeti lake, likundipweteka m'mawondo. Basi itanyamuka mapazi anandizizira m'nsapato. Sokosi ndinali nditaziiwala kuseri kwa chitseko.

Sindinagule zina.